H. Rider Haggard: Ankamuyesa Mbuli, Anadzalemba Mabuku

Anzanga apano pa Iponga, sabata ino ndakutengerani mbiri ya Henry Rider Haggard, Mngelezi wolemba nthano zamatsenga komanso zija zodukitsa mtima, zoti ukayamba kuwerenga nsima imazizira.

Anabadwa pa 22 Juni 1856 ku Bradenham m'dziko la England. Kusukulu sizinkamuyendera. Mayeso olowera usilikali analephera, ndipo bambo ake ankaona kuti mwanayu sadzaphula kanthu. Mu 1875, ali ndi zaka 19, anamutumiza ku Natal kukagwira ntchito kwa bwanamkubwa Sir Henry Bulwer. Kumeneko anamva nkhani zambiri za Azulu ndi mafumu awo. Mu 1877 anali m'gulu la Theophilus Shepstone limene linalanda Transvaal m'dzina la Britain.

Atabwerera kwawo anaphunzira zamalamulo, koma mtima unali pa cholembera. Mu 1885 anatulutsa King Solomon's Mines. M'bukuli mlenje Allan Quatermain ndi anzake akulondola mapu akale opita ku migodi ya dayamondi, ndipo wantchito wawo Umbopa akupezeka kuti ndi Ignosi, mwini ufumu wa dzikolo. Mu 1887 anatulutsa She, nkhani ya mfumukazi Ayesha imene inakhala zaka zoposa 2,000 osakalamba. Nada the Lily ya 1892 imakamba za nthawi ya Shaka, nthawi yomwe nkhondo zinasamutsa Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835. Haggard anamwalira ku London pa 14 Meyi 1925.

Ine luso lake ndimalivulira chipewa, koma chilipo chondiwawa. M'mabuku awiri oyambawo, migodi, misewu ndi mizinda yakale amazionetsa ngati sizinamangidwe ndi anthu akuda a kumaloko. Anthu ambirimbiri ku Ulaya anaidziwa Africa kudzera m'maso ake.

Tsono taganizani. Chaka chomwecho cha 1887, kuno ku Karonga kunayamba nkhondo ya Mlozi, imene inatha mu 1895. Ankhonde anathawa midzi yawo ikuyaka. Tilinso ndi phiri la Mbande ndi mbiri ya a Kyungu. Agogo amene amazidziwa nkhanizi akutha mmodzimmodzi.

Mnyamata wolephera mayeso uja analemba za eni ake mpaka kutchuka. Nanga ife eni nkhani tikudikira chiyani? Holide ikubwerayi tengani kope, mukakhale pansi ndi agogo.