RUDOLF VIRCHOW, MPHUNZITSI WA MADOTOLO

Anzanga ambiri pa sukulu pano amati akadzatsiriza maphunziro afuna kudzakhala madotolo. Cifukwa ca ici ndati ndilembeko mbiri ya munthu mmodzi amene dzina lace adzakomana nalo ndithu, ndiye Rudolf Virchow wa ku Jeremani.

Virchow anabadwa pa 13 October 1821 m'tauni yaing'ono ya Schivelbein, imene lero iri m'dziko la Poland. Makolo ace sanali olemera, cotero mu 1839 analowa sukulu ya madotolo a asilikali ku Berlin, kumene anyamata anzeru ankaphunzira mwaulere. Atatsiriza mu 1843 anayamba nchito pa cipatala ca Charité, ndipo posacedwa anapatsidwa nchito yong'amba mitembo kuti aone cimene capha munthu. Phunziro limeneli, lofufuza m'mene nthenda iyambira ndi m'mene ionongera thupi, lichedwa pathology. Mu 1845 anafotokoza nthenda ya magazi imene pambuyo pace anaicha leukaemia.

M'caka ca 1848 boma linamtuma ku Upper Silesia kumene mliri wa typhus unali kupha anthu ambiri. Iye anapeza kuti anthuwo anali ndi njala, nyumba zao zinali zauve, ndipo ambiri sanaphunzire. Pobwera analemba kuti mankhwala okha sangathetse mliriwo. Cofunika ndico cakudya, masukulu ndi ufulu. Mau otere sanakondweretse akuluakulu a boma, makamaka popeza caka comweco iye anagwirizana ndi anthu oukira boma. Anamcotsa pa udindo wace, ndipo mu 1849 anapita kukaphunzitsa ku Würzburg. Koma mbiri yace inakula kwambiri, kotero kuti mu 1856 anamuitananso ku Berlin.

Kale madotolo ambiri ankaganiza kuti munthu adwala pamene madzi a m'thupi asokonezeka. Virchow anaphunzitsa kuti thupi lonse lamangidwa ndi tizidutswa tamoyo tochedwa maselo, kuti selo liri lonse licokera ku selo linzace, ndi kuti nthenda iyamba pamene maselo aonongeka. Maphunziro 20 amene anapereka pa nkhaniyi anasindikizidwa m'buku mu 1858.

Cimene candikondweretsa koposa ndico kaphunzitsidwe kace. Sanafune kuti ophunzira azingoloweza za m'mabuku. M'cipinda cace cophunzitsira munali tinjanji pa magome, ndipo maikulosikopu inkayenda pa tinjanjito kucokera kwa wophunzira wina kufikira kwa mnzace, kuti ali yense aone ndi maso ace. Anasunganso ziwalo zodwala zoposa 20,000 m'nyumba yoonetsera imene inatsegulidwa mu 1899.

Sikuti anali wosalakwa ai. Anacedwa kubvomereza kuti tizirombo tating'ono ndito tibweretsa matenda ambiri. Komabe anathandiza kwambiri kuti mzinda wa Berlin ukhale ndi ngalande zocotsa zonyansa. Mu January 1902 anathyoka mwendo potsika tram, ndipo anamwalira pa 5 September caka comweco, ali ndi zaka 80.

Mwina wina afunsa kuti za ku Berlin zitikhudza bwanji ife a ku Zomba. Mu 1912 Dr Hugh Stannus analemba za nthenda ya pellagra pakati pa akaidi a m'ndende ya kuno, nthenda imene ibwera cifukwa ca kuperewera kwa cakudya coyenera. Phunziro lace ndi lomwe lija la ku Silesia. Madzi a Mulunguzi amene timwa ateteza moyo wathu ngati asamalidwa bwino. Ndipo mu 1991 sukulu ya madotolo inatsegulidwa ku Blantyre, kotero kuti lero ana a Malawi aphunzira pathology kwao konkuno.

Tsono mnzanga wofuna udotolo, usanyoze phunziro la Biology ngakhale kujambula selo la anyezi. Tsiku lina moyo wa munthu udzadalira pa cimene diso lako laona.