Mlozi, mfumu ya m'linga ku Mpata

Anthu a Chinkhonde ku Karonga adazolowera midzi yapoyera, yozingidwa ndi nthochi basi. Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1880 pomwe kudafika Mlozi bin Kazbadema, Mswahili wochita malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo.

Mkuluyu adafika ngati mlendo ndipo mafumu adamupatsa malo ku Mpata, m'mbali mwa mtsinje wa North Rukuru, kufupi ndi msewu wa Stevenson wopita ku nyanja ya Tanganyika. Posakhalitsa mlendoyo adamanga linga. Anzake, Kopakopa ndi Msalema, adamanganso awo.

Lingalo lidali la mitengo yomatidwa ndi dothi, lokhala ndi zibowo zotulutsira mifuti. Koma ntchito yake sidali chitetezo chokha. Munthu wodutsa pamsewupo ankadziwiratu kuti derali lapeza mwini wina, osatinso Kyungu. Ndipo zoonadi, mu 1887 Mlozi adadzitcha Sultani wa dziko la Nkhonde. Chaka chomwecho asilikali ake adayatsa bango padambo la Kambwe pomwe Ankhonde ambiri adabisala, anthu n'kuthera momwemo.

Azungu a kampani ya African Lakes, ija ya Mandala, adayesa kugumula malingawa koma adalephera. Mu June 1888, Frederick Lugard, yemwe pambuyo pake adadzalamulira Nigeria, adaomberedwa mikono yonse iwiri pofuna kukwera linga la Kopakopa. Mzinga omwe adabweretsa udangoboola dothilo, khoma lili chiimire. Mu October 1889 Harry Johnston adachita kusainirana naye pangano la mtendere, zomwe zidangokuza dzina la Mlozi.

Zaka zisanu ndi chimodzi zitadutsa, Johnston adabweranso, ulendo uno ndi asilikali a Chisikh ndi mizinga yamphamvu, atabwereka sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Linga lomwe lidamupatsa Mlozi ufumu lidasanduka msampha: adazingidwa, kothawira kudalibe, ndipo Ankhonde ena omwe adawasunga ngati chikole adaphedwa m'katimo.

Sajeni Bandawe, msilikali wa Chitonga, ndiye adamupeza atabisala m'chipinda chapansi. Mafumu a Chinkhonde adazenga mlandu wake ndipo pa 4 December 1895 Mlozi adanyongedwa. Akapolo 569 adatuluka m'lingamo ali mfulu.