Félix d'Hérelle

Félix d'Hérelle (25 Epulo 1873 – 22 Febuluwale 1949) anali katswiri wa sayansi ya tizilombo tosaoneka ndi maso, wa ku France ndi Canada. Amadziwika chifukwa chotulukira mavairasi amene amalowa m'mabakiteriya n'kuwapha, omwe iye anawatcha bacteriophage, kutanthauza chinthu chodya mabakiteriya. Anawapeza m'chimbudzi cha anthu odwala kamwazi ndipo anali woyamba kuwagwiritsa ntchito ngati mankhwala. Ankaphunzitsa kuti kudwala ndi kuchira kwa munthu kumadaliranso nkhondo ya pakati pa mabakiteriya ndi mavairasi m'matumbo mwake.

Ubwana ndi ntchito zoyamba

D'Hérelle anabadwira ku Paris, ngakhale mabuku ambiri akale amati anabadwira ku Montreal. Anaphunzira sekondale ku Paris koma sanapeze digiri ya ku yunivesite. Sayansi anadziphunzitsa yekha powerenga ndi kuyesa zinthu. Ali mnyamata anayenda m'mayiko ambiri, ndipo anakwatira Marie Caire, amene anabereka naye ana aakazi awiri.

Mu 1897 anasamukira ku Canada, komwe anakonza labotale panyumba pake n'kumafufuza mmene angatchezere mowa kuchokera ku madzi otsekemera a mtengo wa mapulo. Fakitale ya chokoleti imene anatsegula ndi m'bale wake inagwa, ndipo mu 1901 anakayamba ntchito yoyeza tizilombo pachipatala chachikulu cha Guatemala City. Mu 1907 anapita ku Yucatán, m'dziko la Mexico, kukapanga mowa kuchokera ku zotsalira za khonje.

Ku Yucatán kunagwa dzombe, ndipo iye anaona kuti lina linkafa ndi matenda otsekula m'mimba. Anapatula bakiteriya woyambitsa matendawo, n'kuyesa kuthana ndi dzombe pomufalitsa dala m'minda, makamaka ku Argentina mu 1912 ndi 1913. Zotsatira zake zinali zosiyanasiyana ndipo akatswiri ena anazikayikira. Komabe ntchitoyi inamuzoloweretsa maganizo ogwiritsa ntchito chamoyo china pogonjetsa chinzake. Kuyambira 1911 ankagwira ntchito ku Institut Pasteur ku Paris, poyamba mosalandira malipiro.

Kutulukira bacteriophage

Mu 1915, pa nthawi ya Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, kamwazi anabuka pakati pa asilikali apakavalo ku Maisons-Laffitte, pafupi ndi Paris. D'Hérelle ankatenga chimbudzi cha odwala, kuchisungunula ndi kuchisefa pasefa yothina kwambiri moti bakiteriya sakanadutsa. Madzi osefedwawo akawathira pa mabakiteriya a kamwazi omera m'mbale, pankaoneka timadontho toyera pomwe mabakiteriya afa. Akawathira m'botolo la msuzi wodzaza mabakiteriya, msuziwo unkayera usiku umodzi. Dontho la m'botololo linkayeretsanso botolo lina, n'kumapitirira choncho osatha mphamvu. Apa anazindikira kuti chopha mabakiteriyacho chinkachulukana.

Anaonanso kuti chinthuchi chinkawonjezeka m'chimbudzi wodwala akayamba kupeza bwino. Anasindikiza zimenezi mu Sepitembala 1917 m'magazini ya bungwe la sayansi la ku France. Anafotokoza kuti kadontho koyera kalikonse kamayamba ndi vairasi imodzi, choncho kuwerenga timadonthoto n'kuwerenga mavairasi. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito m'malabotale mpaka lero.

Katswiri wa ku England, Frederick Twort, anali atalemba kale zofanana ndi zimenezi m'magazini ya The Lancet mu 1915, koma sanapitirize kafukufukuyo. Masiku ano onse awiri amawerengedwa kuti ndiwo anatulukira mavairasiwa.

Kuchiza ndi mavairasi

Mu 1919 d'Hérelle anayesa mavairasiwa pa nkhuku zodwala taifodi ya nkhuku, ndipo zambiri zinapulumuka. Chaka chomwecho anawayesa pa anthu kuchipatala cha ana cha Hôpital des Enfants-Malades ku Paris, moyang'aniridwa ndi Pulofesa Victor Hutinel. Asanapatse mwana aliyense, iye ndi madokotala ena anayamba amwa okha kuti atsimikize kuti mankhwalawo sapweteka. Woyamba kulandira anali mnyamata wa zaka 12 wodwala kamwazi kwambiri, ndipo anachira m'masiku ochepa.

Mu 1920 anapita ku Indochina kukafufuza matenda a njati zoweta. Mu 1921 anatulutsa buku lotchedwa Le bactériophage: son rôle dans l'immunité. Kenako anagwira ntchito ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands, imene inamupatsa digiri yaulemu, ndipo mu 1925 analandira mendulo ya Leeuwenhoek. Ali ku Alexandria, m'dziko la Egypt, anabaya mavairasi anthu anayi odwala mliri wofalitsidwa ndi utitiri wa makoswe, ndipo onse anachira. Mu 1927 anapita ku India kukalimbana ndi kolera, komwe ankamwetsa odwala mavairasi ndi kuwathiranso m'zitsime za m'midzi.

Mikangano

Jules Bordet wa ku Belgium, amene analandira mphoto ya Nobel ya 1919, anatsutsa zoti bacteriophage ndi vairasi. Iye ankati ndi mankhwala otuluka m'bakiteriya momwemo amene amamusungunula. Popeza panalibe makina otha kuonetsa kanthu kakang'ono chotero, mkanganowu unatenga zaka pafupifupi 20. Unayamba kutha mu 1940 pamene Helmut Ruska wa ku Germany anajambula mavairasiwa ndi maikulosikopu ya maelekitironi.

Machiritso ake nawonso anakayikiridwa. Nthawi zambiri sankasiya gulu la odwala osalandira mankhwala loti ayerekezere nalo, choncho kunali kovuta kudziwa amene akanachira okha. Komanso vairasi iliyonse imagwira mitundu yochepa chabe ya mabakiteriya, ndipo mankhwala ena amene makampani ankagulitsa anali ndi mavairasi olakwika kapena akufa. D'Hérelle anali munthu wosagonja pamkangano, ndipo zimenezi zinamudanitsa ndi anzake ambiri. Dzina lake linaperekedwa kangapo kuti alandire mphoto ya Nobel koma sanailandire.

Zaka zomaliza

Kuyambira 1928 mpaka 1933 anali pulofesa ku yunivesite ya Yale ku America. Atachoka kumeneko anakagwira ntchito ku Tbilisi, ku Georgia, ndi mnzake George Eliava, amene anayambitsa malo ofufuzira tizilombo mu 1923. Eliava anaphedwa ndi boma la Stalin mu 1937 ndipo d'Hérelle sanabwererekonso, koma malowo alipobe, amatchedwa ndi dzina la Eliava, ndipo akuchizabe ndi mavairasi. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse anakhala ku Vichy mosaloledwa kuyenda momasuka. Pamene penisilini ankafala m'zaka za m'ma 1940, madokotala a ku Ulaya wa kumadzulo ndi America anasiya njira yake. Anamwalira ku Paris ndi khansa ya kapamba ali ndi zaka 75.

Kufunika kwa ntchito yake

Mavairasi amene iye anatulukira anathandiza kumvetsa chibadwa cha zamoyo. Mu 1952 Alfred Hershey ndi Martha Chase anawagwiritsa ntchito posonyeza kuti malangizo a chibadwa amakhala mu DNA. Vairasi imamatirira pa bakiteriya, n'kulowetsamo malangizo ake. Bakiteriyayo amapanga mavairasi atsopano ambiri kenako n'kuphulika. Chifukwa cha kuchuluka kwa mabakiteriya osamva mankhwala, madokotala ayambanso kuyesa njira ya d'Hérelle.

Zadziwikanso kuti mavairasiwa amakhala ochuluka zedi ngakhale m'matumbo a munthu wabwinobwino. Imodzi mwa yofala kwambiri, crAssphage, inatulukiridwa mu 2014. Mabakiteriya a m'matumbo amagaya zakudya zimene thupi silingagaye lokha, ndipo zimene amatulutsa zimakhudza mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga ndi mafuta. Popha mitundu ina ndi kusiya ina, mavairasi amasintha kuchuluka kwa mabakiteriyawo. Ofufuza apeza kuti mavairasi a m'matumbo a anthu onenepa kwambiri ndi odwala shuga wa mtundu wachiwiri amasiyana ndi a anthu ena. Mu 2020 akatswiri a ku Copenhagen analengeza kuti mbewa zodyetsedwa mafuta ambiri zitapatsidwa mavairasi ochokera m'matumbo a mbewa zosanenepa, sizinanenepe kwambiri ndipo shuga wa m'magazi mwawo ankatsika bwino. Kafukufuku wotere akutsata funso limene d'Hérelle anayamba nalo mu 1917, loti mavairasi a m'matumbo amachita chiyani pa thanzi la mwini matumbowo.