Luigi Galvani, Dokotala wa Achule

Anzanga, mukaponda munga mwendo umadzuka wokha musanaganize n'komwe. Uthenga wa ululuwo umayenda m'mitsempha ngati mphamvu ya magetsi. Lero ndikuuzani za munthu amene anayamba kuzitulukira zimenezi.

Luigi Galvani anabadwira mumzinda wa Bologna ku Italy mu 1737, ndipo anali dokotala komanso mphunzitsi wa payunivesite. Iye anaona kuti mwendo wa chule wakufa unkagwedezeka akakhudza mtsempha wake ndi zitsulo ziwiri zosiyana. Mu 1791 analemba kuti thupi lili ndi magetsi akeake. Alessandro Volta anatsutsa, amvekere magetsiwo akuchokera kuzitsulozo, ndipo mkangano umenewu ndi womwe unabala batire mu 1800.

Galvani batirelo sanalione. Atakana kulumbira kuti azimvera boma lomwe Napoleon anakhazikitsa, anamuchotsa ntchito, n'kumwalira ali wosauka mu 1798.

Komatu ine ndimati mkuluyu sananame. Mu 1952 Hodgkin ndi Huxley anasonyeza kuti sodium akalowa mu selo ya mtsempha, potassium n'kutuluka, pamabadwa mphamvu ya magetsi yomwe imathamanga mumtsempha wonse. Mayeso a Biology akafika, chule ujatu musamuiwale!