Osborne Reynolds, Wofufuza Mayendedwe a Madzi

Osborne Reynolds anabadwa pa 23 Ogasiti, 1842, mumzinda wa Belfast ku Ireland, koma anakulira ku Dedham, m'dziko la Mangalande, kumene bambo wake anali mbusa ndiponso mphunzitsi wamkulu. Ali mnyamata anaphunzira ntchito ya makina kwa Edward Hayes, ndipo pambuyo pake anapita ku Cambridge kukachita masamu. M'chaka cha 1868, asanakwanitse zaka 26, anasankhidwa kukhala pulofesa wa uinjiniya pa Owens College ku Manchester.

Ntchito imene inamutchukitsa anailengeza m'chaka cha 1883. Iye anagoneka paipi yagalasi m'thanki ya madzi, nalowetsa utoto pang'ono pakamwa pa paipiyo. Madzi akamayenda pang'onopang'ono, utotowo unkaoneka ngati ulusi woongoka, kuyambira kukamwa mpaka kumapeto. Koma akaonjezera liwiro, ulusi uja unkaduka mwadzidzidzi, utoto n'kumwazika m'paipi monse, madzi atawinduka ngati mtsinje wa Lirangwe nthawi ya dzinja.

Reynolds anapeza kuti kusinthaku sikuchitika mwangozi ayi. Kumadalira liwiro la madzi, kukula kwa paipi, ndi kulimba kwa chamadzicho, pakuti uchi suyenda monga madzi. Zinthu zimenezi akaziwerengera pamodzi, zimapereka nambala imodzi. Ikachepera 2,000 madzi amayenda mwabata. Ikapitirira kwambiri, amawinduka. M'chaka cha 1908 Arnold Sommerfeld anaitcha nambalayi dzina la Reynolds.

Nkhani imeneyi ikukhudzanso anthu a kwa Chigaru ndi madera oyandikana nawo. Madzi ambiri amene mzinda wa Blantyre umamwa amachokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, ndipo makina amawakankha kukwera mtunda kudzera ku Chileka. M'mapaipi aakulu otere madzi amayenda mowinduka, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene imatayika pokhulana ndi paipi imawirikiza koposa katatu. Motero injiniya akasankha paipi yaing'ono pofuna kupulumutsa ndalama, magetsi opopera madzi amadya ndalamazo chaka ndi chaka, ndipo mtolowo umagwera wogula madzi.

Thanzi lake litafooka, Reynolds anapuma pantchito m'chaka cha 1905. Anamwalira pa 21 Febuluwale, 1912, ku Watchet, koma nambala yake ikutsogolerabe amisiri oyala mapaipi ndi okonza ndege pa dziko lonse lapansi.