Howard Taylor Ricketts

Howard Taylor Ricketts (9 Febuluwale 1871 – 3 Meyi 1910) anali dokotala komanso katswiri wofufuza za matenda wa ku America. Amadziwika chifukwa chotsimikizira kuti nkhupakupa zimafalitsa matenda a Rocky Mountain spotted fever, ndiponso chifukwa cha kafukufuku wake pa matenda a typhus, omwe amafalitsidwa ndi nsabwe. Gulu la mabakiteriya lotchedwa Rickettsia linapatsidwa dzina lake.

Ubwana ndi maphunziro

Ricketts anabadwira mu mzinda wa Findlay, m'chigawo cha Ohio. Anaphunzira za nyama pa yunivesite ya Nebraska ndipo anamaliza mu 1894. Kenako anachita maphunziro a udokotala pa yunivesite ya Northwestern mpaka mu 1897. Mu 1900 anakwatira Myra Tubbs. Mu 1902 anayamba kuphunzitsa ndi kuchita kafukufuku pa yunivesite ya Chicago.

Kafukufuku wa nkhupakupa

Pa nthawiyo, anthu okhala m'chigwa cha Bitterroot ku Montana ankavutika ndi matenda omwe ankabwera nyengo yozizira ikangotha. Wodwala ankatentha thupi kwambiri, kumva mutu, kutuluka timadontho pakhungu, ndipo ambiri ankamwalira. Ena ankaganiza kuti vuto ndi madzi akumwa. Madokotala awiri, Louis Wilson ndi William Chowning, anali atanenapo kale kuti nkhupakupa ndi zimene zimabweretsa matendawa, koma umboni wokwanira panalibe.

Ricketts anapita kuchigwachi mu 1906. Anabaya mbira ndi anyani magazi a odwala ndipo nyamazo zinadwala matenda omwewo. Atatero, anatenga nkhupakupa zomwe zinayamwa magazi a mbira yodwala n'kuziika pa mbira yabwinobwino, ndipo nayonso inadwala. Anapezanso kuti nkhupakupa yaikazi imapatsira ana ake tizilomboti kudzera m'mazira. Izi zinasonyeza kuti matendawa angathe kukhalabe m'tchire ngakhale popanda munthu wodwala. Mu 1909 analemba za tizilombo ting'onoting'ono tomwe anationa m'magazi a odwala komanso m'nkhupakupa. Tizilomboti masiku ano timatchedwa Rickettsia rickettsii.

Ulendo wa ku Mexico ndi imfa yake

Ricketts anaona kuti matenda a ku Montana akufanana m'zizindikiro ndi typhus, matenda omwe ankapha anthu ambiri m'ndende, m'misasa ya asilikali ndi m'malo momwe anthu amakhala mothithikana, osatha kusamba kapena kusintha zovala. Kumapeto kwa chaka cha 1909 anapita ku Mexico City, komwe kunali mliri wa typhus. Anagwira ntchito limodzi ndi wothandizira wake, Russell Wilder. Iwo anasonyeza kuti matenda awiriwa ndi osiyana, ndiponso kuti nsabwe za m'zovala zimatha kufalitsa typhus. M'chaka chomwecho cha 1909, Charles Nicolle wa ku France anali atapeza zoti nsabwe zimafalitsa typhus pomwe ankagwira ntchito ku Tunis.

Masiku ano zimadziwika kuti tizilombo ta typhus timatuluka m'chimbudzi cha nsabwe. Munthu akamakanda pomwe walumidwa, amalowetsa yekha tizilomboti pachilondapo.

Ali mkati mwa ntchitoyi, Ricketts anatenga typhus. Nthawi imeneyo kunalibe mankhwala ochiza matendawa. Anamwalira ku Mexico City pa 3 Meyi 1910 ali ndi zaka 39, asanayambe ntchito ya uprofesa yomwe anali atapatsidwa pa yunivesite ya Pennsylvania.

Chikumbutso

Mu 1916, Henrique da Rocha Lima wa ku Brazil anatcha kachilombo koyambitsa typhus dzina loti Rickettsia prowazekii. Anachita izi polemekeza Ricketts komanso Stanislaus von Prowazek, wofufuza wina yemwe anamwalira ndi typhus mu 1915. Mabakiteriya a gululi sakula paokha koma m'kati mwa maselo a chamoyo china, ndipo amafika kwa anthu kudzera mu nkhupakupa, nsabwe ndi utitiri. Panopa matendawa amachizika ndi mankhwala monga doxycycline ngati wodwala wafika kuchipatala msanga.