Johan Kjeldahl, Katswili wa ku Mowa Amene Anathandiza Alimi

Ife amene timaima kutsogolo m'chalichi pa Sondo timakamba kawilikawili za kuipa kwa ucidakwa, ndipo sitidzaleka. Koma lelo tifuna kukamba za munthu amene anagwila nchito zaka zambili za moyo wake pa kampani ya mowa, koma phindu la nchito yake linagwela alimi.

Johan Kjeldahl anabadwa pa 16 August 1849 ku Jægerspris m'dziko la Denmark. Atate ake anali dokotala. Anaphunzila sukulu ku Roskilde, ndipo pambuyo pake anapita ku koleji ya zaumisili ku Copenhagen, kumene anatsiliza mu 1873. Nchito yake yoyamba inali yothandizila mphunzitsi wa kemisitili pa koleji ya zaulimi. Mu 1875 J. C. Jacobsen, mwini wa mowa wa Carlsberg, anam'tenga, ndipo kucokela mu 1876 Kjeldahl anali mkulu wa cigawo ca kemisitili mu labotale ya kampaniyo.

Vuto la Jacobsen amai onse ofulula mowa alidziwa: cimela sicilingana. Ku Denmark cimela amapanga ndi balele. Balele wokhala ndi pulotini wambili amakhala ndi ufa wocepa, motelo mowa umatulukanso wocepa. Koma kodi pulotini muuona bwanji m'kati mwa mbeu? Njila zimene zinalipo zinali zocedwa ndiponso zofuna munthu wa luso kwambili.

Kjeldahl anadziwa kuti mu pulotini muli naitilojeni, pafupifupi magawo 16 pa 100 alionse. Conco anati apime naitilojeniyo. Anatenga ufa pang'ono wa mbeu, nauwilitsa mu asidi wa salifa, mtundu uja wa m'batile ya motoka koma wamphamvu kopambana, kufikila zonse zitasungunuka n'kukhala madzi. Kenaka anathilamo soda woocha uja wopangila sopo. Apo naitilojeni amatuluka monga amoniya, mpweya wa fungo lija timamva m'khola la nkhuku. Amoniyayo anam'kola mu asidi wina n'kumupima. Nambala imene yapezeka mukaicita kacisanu ndi kamodzi ndi kota, ndiye kuti 6.25, mwadziwa pulotini. Botolo la khosi lalitali lowilitsilamo, looneka ngati cikho, mpaka lelo limachedwa ndi dzina lake.

Anaulula njila imeneyi mu March 1883. Apa Jacobsen tim'yamike, cifukwa anaika lamulo lakuti zimene labotale yake yapeza zisabisidwe. Munthu wina wamalonda akanaibisa kuti adyelepo yekha. M'zaka zocepa cabe, njilayi inafika m'malabotale a maiko ambili.

Mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi angafunse kuti zim'khudza bwanji. Taonani thumba la feteleza wa yuliya, palembedwa 46. Taonaninso thumba la cakudya ca nkhuku, palembedwa kuculuka kwa pulotini. Manambala amenewo sangolembedwa ai, pafunika wina kupima, ndipo njila ya Kjeldahl ili pakati pa njila zimene amapimila feteleza, dothi, soya, mkaka ndi zakudya za ziweto. Popanda kupima kotele, wogulitsa akanakupatsani gaga wosakaniza ndi mcenga, inu n'kulipila mtengo wa cakudya ceniceni.

Njilayi ili ndi pofooka pake. Imapima naitilojeni, osati pulotini weniweniyo. Mu 2008 ku China anthu acinyengo anathila madzi mu mkaka, n'kuikamo mankhwala a melamine, amene ali ndi naitilojeni wambili, kuti popima uoneke wabwino. Makanda pafupifupi 300,000 anadwala, ndipo 6 anamwalila. Mlandu si wa Kjeldahl, ndi wa umbombo, koma zinacititsa kuti opima mkaka ayambe kufufuza melamine payekha.

Iye zimenezi sanazione. Anamwalila mwadzidzidzi pa 18 July 1900 ku Tisvildeleje, mudzi wa m'mbali mwa nyanja, ali ndi zaka 50. Pa mpando wake panakhala Søren Sørensen, amene mu 1909 anabweletsa muyezo wa pH, umene alangizi a zaulimi amachula akatiuza kuti munda wathu wasasa ndipo ufunika laimu.